Adaiwala mawu a nyimbo, koma Berlin idamuombera m'manja

Palibe chomwe woimba amaopa kuposa kuiwala mawu a nyimbo ali pansanja, magetsi akumuthobwa m'maso, anthu omwe alipira ndalama zawo pakhomo ali tcheru. Ambiri zikawachitikira amangoti kakasi. Ena amanamizira zida kuti zavuta, pomwe ochenjera amalozetsa chimkuzamawu kwa anthu kuti awaimbire.

Koma chakudza sichiimba ng'oma. Loweruka pa 13 February 1960, tsoka lotere lidagwera namatetule wa nyimbo za chamba cha jazz, Ella Fitzgerald wa ku America, pamaso pa anthu zikwizikwi m'holo ya Deutschlandhalle mumzinda wa West Berlin ku Germany.

Nyimbo yomwe adaiwalayo, Mack the Knife, sidali yake. Choonjezera apo, idapekedwa mumzinda womwewo wa Berlin, ndiye kuti amaimbira eni ake. Makina ojambulira mawu adali akuzungulira, kotero kuti chilichonse chotuluka pakamwa pake chimalowa pa tepi.

Zomwe zidachitika m'mphindi zosakwana zisanu za nyimboyo zidamubweretsera mphoto ziwiri za Grammy, ndipo mpaka lero anthu okonda jazz amazitchula akamakambirana funso lakuti: kodi munthu akalipira kukaonera woimba, amakhala akufuna chiyani kwenikweni?

Nyimbo ya chigawenga

Mack the Knife idachokera m'sewero la Chijeremani lotchedwa Die Dreigroschenoper, lomwe adalemba ndi Bertolt Brecht ndipo nyimbo zake adapeka ndi Kurt Weill. Seweroli lidaonetsedwa koyamba pa 31 August 1928 ku Theater am Schiffbauerdamm mumzinda wa Berlin.

Nyimboyi imakamba za Macheath, chigawenga cha ku London choyenda ndi mpeni wobisa. Woimba amandandalika milandu yake umodziumodzi, monga kupha, kuba ndi kutentha nyumba, uku akutchula mayina a anthu osiyanasiyana. Ndime zake nzambiri, koma zonse zimaimbidwa mofanana. Ilibe kolasi yoti woimba n'kupumirapo akukumbukira zotsatira, choncho ukangosokoneza ndime imodzi, palibe chokubwezera m'njira.

Chipani cha Nazi chitalowa m'boma mu 1933, Brecht ndi Weill adathawa m'dzikomo ndipo sewerolo lidaletsedwa. Kurt Gerron, yemwe adaimba nyimboyi tsiku loyamba lija, adali Myuda, ndipo adaphedwa kundende ya Auschwitz mu 1944.

Nayo jazz idaona zakuda. Boma la Adolf Hitler lidaletsa nyimbozi pawailesi mu 1935 ponena kuti nza anthu akuda ndi Ayuda, ndipo mu 1941 achinyamata ambiri a mumzinda wa Hamburg adamangidwa kaamba kokonda kuvina nyimbo za mtunduwu.

Holo ya Deutschlandhalle nayo idali ndi mbiri yake. Adaitsegulira ndi Hitler yemweyo mu 1935, ndipo chaka chotsatira mudachitikira nkhonya ndi masewero ena a mpikisano wa Olympics. Mabomba adaiphwasula mu 1943 pankhondo yachiwiri ya padziko lonse, ndipo idatsegulidwanso mu 1957.

Izi zikutanthauza kuti Ajeremani a zaka zoposa 30 omwe adali m'holomo usiku umenewo adakhalako m'nthawi yomwe nyimboyi komanso chamba cha jazz zidali zoletsedwa. Tsopano mayi wachikuda adaima pansanja yomweyo kuti awaimbire zinthu ziwirizo pakamodzi.

Nyimboyi idali itawoloka nyanja n'kukatchuka ku America. Marc Blitzstein adaimasulira m'Chingerezi pomwe sewerolo limaonetsedwa ku New York mu 1954. Katswiri woliza lipenga Louis Armstrong adaijambula mu 1955, kenako mnyamata wina, Bobby Darin, adaitulutsa mu 1959 ndipo idakhala pa nambala 1 kwa masabata 9 pamndandanda wa Billboard. Pofika February 1960, nyimboyi idali pakamwa pa aliyense.

Mkhalakale pansanja

Ella sadali mlendo pamaso pa anthu. Adabadwa pa 25 April 1917 ku Newport News m'chigawo cha Virginia, ndipo adakula movutika mayi ake atamwalira iye ali mtsikana.

Mu 1934, ali ndi zaka 17, adalowa mpikisano wa ongoyamba kumene ku Apollo Theater ku Harlem mumzinda wa New York, malo omwe anthu ake amadziwika ndi kukuwiza aliyense wosawagwira mtima. Adapita ndi cholinga chokavina, koma ataona luso la ovina omwe adamutsogolera adasintha maganizo n'kuimba. Adapambana.

Chaka chotsatira adalowa bandi ya Chick Webb, ndipo mu 1938 adatchuka dziko lonse la America ndi nyimbo ya A-Tisket, A-Tasket. M'zaka za m'ma 1940 adayenda ndi bandi ya Dizzy Gillespie komwe adanola luso lotchedwa scat, lomwe woimba amasiya mawu a tanthauzo n'kumagwiritsa ntchito pakamwa pake ngati lipenga.

Yemwe ankayendetsa ntchito zake adali Norman Granz, mzungu amene ankakana kuti oimba ake aziimba m'maholo osankhana mitundu. Mu 1955, mumzinda wa Houston, Granz adachotsa zikwangwani zolekanitsa azungu ndi anthu akuda, ndipo usiku womwewo apolisi adathyolera m'chipinda chovalira n'kugwira Ella, Gillespie ndi ena powaganizira kuti amatchova juga. Mlanduwo udathetsedwa.

Granz adakhazikitsa kampani ya Verve mu 1956, ndipo Ella adayamba kujambula zimbale za nyimbo za akatswiri opeka monga Cole Porter, Duke Ellington, Irving Berlin ndi George Gershwin. Kunena zoona, mbiri yake yaikulu adaimanga poimba nyimbo za eni, koma mwanjira yoti womvera ankaiwala kuti zidali ndi mwini wina.

Pofika ku Berlin adali ndi zaka 42, ndipo adali atatha zaka 25 pantchitoyi. Kumbuyo kwake kudali amuna anayi: Paul Smith pa piyano, Jim Hall pa gitala, Wilfred Middlebrooks pa besi ndi Gus Johnson pa ng'oma.

Mawu athawa

Phwandolo lidayenda bwino ndi nyimbo zomwe Ella adazizolowera monga Misty, Summertime ndi The Lady Is a Tramp. Chakumapeto adalengeza kuti ayesako Mack the Knife.

Pachimbale cha usikuwo akumveka akuuza anthu kuti nyimboyo njotchuka, koma sadamvepo mkazi akuiimba. Adaonjeza kuti akuyembekezera kuti akumbukira mawu ake onse.

Ndime zoyambirira zidayenda bwinobwino. Bandi imakweza nyimboyo pang'ono ndime iliyonse ikatha, zomwe zimachititsa kuti moto uzikolera pang'onopang'ono. Kenako, pakati penipeni, mawu adathawa.

Apa mpomwe padagona nkhani. Ella sadasiye kuimba ngakhale kwa kamphindi. Adayamba kupeka mawu akeake pomwepo, ndipo mawuwo adali okamba za vuto lomwe adali nalolo. Moimba, adafunsa kuti ndime yotsatira njotani, n'kuvomera kuti yamuthawa. Adatchula Darin ndi Armstrong kuti adaijambula bwino nyimboyo, kenako n'kudziseka kuti iye ndi anyamata ake akuiphwasula.

Mawu opeka pomwepowo amagwa ndendende pakugunda kwa ng'oma, ndipo ndime iliyonse imathera pomwe imayenera kuthera. Munthu wosamva Chingerezi sakadadziwa msanga kuti china chake chalakwika.

Kenako adatsitsa mawu ake n'kuyamba kutsanzira Armstrong, yemwe ankaimba mosasa ngati wameza mchenga. Awiriwa ankadziwana bwino popeza adajambulira limodzi zimbale zitatu mu 1956 ndi 1957. Anthu adamuzindikira nthawi yomweyo yemwe amatsanziridwayo, ndipo chisangalalo chawo chikumveka pa tepi. Naye Ella akumveka akulimbana ndi phwete uku akuimba.

Nyimboyo itatha, m'holomo mudali chiphokoso cha m'manja ndi kukuwa. Akuluakulu adati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Anthu a ku Berlin adalandiranso nyimbo yawo kuchokera kwa mlendo, ili ndi mawu omwe Brecht sadalembe, ndipo adakondwa nayo.

Chinsinsi chake

Wina angafunse kuti zidatheka bwanji kuti anthu asanu apitirize kuimba limodzi mtsogoleri wawo atasochera. Yankho lili m'mene jazz imayendera.

M'chamba chimenechi, nyimbo ili ngati bwalo lomwe oimba amalizungulira mobwerezabwereza. Utali wa ndime ndi ndondomeko ya makodi sizisintha. Wa besi ndi wa ng'oma amasunga liwiro, wa piyano ndi wa gitala amasunga makodi, ndipo yemwe ali kutsogolo ali ndi ufulu woika chilichonse pamwamba pake, bola asatuluke m'bwalomo.

Choncho ngakhale mawu adathawa, Ella ankadziwa pomwe ali m'nyimbomo sekondi iliyonse. Smith ndi anzake sadagwedezeke. Adapitiriza kukweza nyimboyo ndime ndi ndime monga adagwirizana, ndipo iye amakwera nawo osaphonya.

Chachiwiri nchakuti sadabise. Akadayesa kung'ung'udza kuti anthu asadziwe, omwe ankaidziwa nyimboyo akadamugwira. M'malo mwake adawauza poyera, ndipo kuyambira pamenepo aliyense m'holomo adali ndi funso limodzi: kodi atulukamo bwanji? Anthu omwe adabwera kudzangomvera adasanduka ngati ochemerera mpira omwe timu yawo yatsala ndi osewera 10 koma ikuthira nkhondo.

Chachitatu, anthuwo adadziwa kuti zomwe akumvazo sizidaimbidwepo kwina kulikonse. Nyimbo ya Darin ankatha kuigula m'sitolo n'kumaimvera tsiku lililonse mofanana. Iyi idali yawo okha, ya usiku umenewo.

Nyimbo imodzi sachezera gule

Anthu asadapume n'komwe, Ella adalowa m'nyimbo yotsekera, How High the Moon. Iyinso idali ya eni. Adailemba ndi Nancy Hamilton ndi Morgan Lewis, ndipo idamveka koyamba m'sewero lina ku New York mu 1940.

Ataimba mawu ake mwachidule, ng'oma zidathamanga ndipo iye adasiya mawu n'kuyamba scat. Kwa mphindi pafupifupi 7 za nyimboyo, adayenda kuchokera pansi penipeni pa mawu ake kufika pamwamba, paliwiro lomwe ngakhale oliza malipenga amatuluka nalo thukuta.

M'katimo adalowetsamo Ornithology, nyimbo yomwe katswiri wa saxophone Charlie Parker adaimanga pa makodi a How High the Moon yomweyo. Adasokereramonso tizidutswa ta nyimbo zina zambiri zodziwika, kuphatikizapo A-Tisket, A-Tasket yake ija ndi Smoke Gets in Your Eyes, chilichonse n'kukwana bwino pamalo pake.

Ngati padali wina yemwe ankaganiza kuti kupulumuka kwa m'nyimbo yoyamba ija kudali kwa mwayi chabe, yachiwiriyi idamutseka pakamwa. Aphunzitsi a zoimba amaigwiritsabe ntchito ngati chitsanzo cha scat, ndipo ophunzira amailemba notsi imodziimodzi kuti aone momwe adayendera.

Ku Paris kudali mluzu

Sikuti luso lililonse limalandiridwa ndi m'manja. Patangotha masabata asanu, pa 21 March 1960, Granz yemweyo adabweretsa bandi ya Miles Davis m'holo ya Olympia mumzinda wa Paris ku France. M'bandimo mudali John Coltrane, woliza saxophone wa zaka 33.

Nawonso ankaimba nyimbo za eni zomwe anthu ankazidziwa bwino, monga All of You ya Cole Porter ndi Bye Bye Blackbird. Anthu ambiri adabwera akuyembekezera kumva Coltrane wodekha yemwe adamumva pachimbale cha Kind of Blue cha mu 1959.

Koma Coltrane adali atasintha. Ikafika nthawi yake, amaliza chida chake kwa mphindi zambiri, kuthamangitsa manotsi mazanamazana, kubwereza kachidutswa kamodzi kambirimbiri ndi kutulutsa mawu okhadzula omwe ena ankati nkulira kwa munthu wolusa.

Holoyo idagawikana. Ena amaombera m'manja pomwe ena amaimba mluzu. M'dziko muno mluzu ndi nthungululu zimasonyeza kukondwa, koma m'maholo a ku Ulaya mluzu ndi njira youzira woimba kuti anthu sakukondwa naye. Mluzuwo ukumveka pa zomwe zidajambulidwa usikuwo, zomwe kampani ya Columbia idazitulutsa mu 2018 m'gulu la zimbale lotchedwa The Final Tour.

Tsiku lotsatira ku Stockholm m'dziko la Sweden, mtolankhani wa pawailesi adamufunsa ngati amaimba ali wokwiya monga ena amanenera. Coltrane adakana, ndipo adalongosola kuti pali zinthu zambiri zomwe akuziyesa nthawi imodzi ndipo sadapeze njira yozisanjira bwino.

Kusiyana kwa mausiku awiriwa nkoonekeratu. Ella adawatenga anthu padzanja n'kuyenda nawo, kuwaseketsa ndi kuwakumbutsa nyimbo zomwe ankazidziwa. Coltrane adathamangira kutsogolo yekha, ndipo ambiri adatsalira m'mbuyo. Onse awiri adali akatswiri, koma wina adalandira mphoto yake usiku womwewo pomwe winayo adayenera kudikira.

Kuona maso a nkhono nkudekha. Mu October chaka chomwecho, Coltrane, yemwe tsopano adali ndi bandi yakeyake, adajambula My Favorite Things, nyimbo ya Richard Rodgers ndi Oscar Hammerstein yochokera m'sewero la The Sound of Music. Adaitambasula kufika mphindi pafupifupi 14. Itatuluka mu 1961 idagwira anthu mtima, ndipo adapitiriza kuiimba m'maphwando mpaka chakumapeto kwa moyo wake. Adamwalira mu 1967.

Mtengo wa m'manja

Makampani ojambula nyimbo adazindikira kalekale kuti phokoso la anthu limagulitsa chimbale. Chitsanzo chodziwika ndi cha Duke Ellington ku Newport Jazz Festival pa 7 July 1956, pomwe woliza saxophone Paul Gonsalves adazungulira nyimbo imodzi maulendo 27 mpaka anthu adaimirira pamipando n'kuyamba kuvina.

Chimbale cha usikuwo chidagulidwa kwambiri ndipo chidadzutsa mbiri ya Ellington yomwe idali itayamba kuzilala. Koma chitatulutsidwanso mu 1999, zidadziwika kuti mbali ina ya chimbale choyambacho idajambulidwanso mu situdiyo, kenako n'kuthiramo m'manja mochita kuonjezera. Cholinga chidali kubisa zolakwika.

Granz adachita zosiyana ndi zimenezi. Akadatha kuichotsa nyimbo yolakwikayo, kapena kumuuza Ella kuti akaijambulenso bwino ataloweza mawu. M'malo mwake adaisiya momwemo, ndipo dzina lake adaliika pachikuto penipeni. Chimbalecho, chomwe poyamba chidali ndi nyimbo 9, chidatuluka m'chaka chomwecho ndi dzina lakuti Ella in Berlin: Mack the Knife.

Nyimboyo idalowa pamndandanda wa Billboard, ndipo pamwambo wa Grammy wa mu 1961 Ella adatenga mphoto ziwiri za woimba wamkazi: ina ya nyimboyo, ina ya chimbale chonse. Mu 1999 chimbalechi chidaikidwa mu Grammy Hall of Fame, momwe mumalowa nyimbo ndi zimbale zomwe zatsimikizika kuti sizifwifwa.

Zomwe zidatsala

Mzinda womwe Ella adaimbamo usikuwo sudakhalitse momwe udalili. Panthawiyo anthu ankathabe kuwoloka pakati pa East Berlin ndi West Berlin. Patatha miyezi 18 yeniyeni, pa 13 August 1961, boma la East Germany lidatseka malire n'kuyamba kumanga chipupa chomwe chidagawa mabanja mpaka mu 1989.

Ella sadautaye mzindawo. Adabwereranso mu February 1961 komanso mu March 1962, chipupa chitamangidwa kale. Matepi a phwando la mu 1962, lomwe lidachitikira m'holo ya Sportpalast, adakhala m'katundu wa Granz kwa zaka zambiri mpaka adatulutsidwa mu 2020 ndi dzina lakuti The Lost Berlin Tapes. Mack the Knife ilimonso, chifukwa kuchokera mu 1960 anthu ankaiyembekezera paliponse pomwe wapita.

Weill ndi Brecht sadamve zomwe mayiyu adachita ndi nyimbo yawo. Weill adamwalira ku New York mu 1950 ndipo Brecht adamwalira ku East Berlin mu 1956.

Ella adapitiriza kuimba mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Matenda a shuga adamufooketsa kufikira pomudula miyendo yonse iwiri mu 1993, ndipo adamwalira pa 15 June 1996 ku Beverly Hills ali ndi zaka 79. M'moyo wake adapata mphoto 13 za Grammy m'magawo opikisana.

Holo ya Deutschlandhalle adaigumula mu 2011. Chomwe chidatsala ndi tepi ija, ndipo lero nyimboyo ikupezeka pa intaneti kwa aliyense wofuna kudzimvera yekha.

Kwa oimba omwe amasangalatsa anthu m'mahotela ndi m'maukwati ndi nyimbo za eni, nkhani ya ku Berlin ili ndi phunziro. Kutsanzira nyimbo ndendende monga ilili pachimbale ndi luso ndithu, koma anthu akafuna zimenezo ali ndi wailesi kunyumba. Chomwe chimawadzutsa pampando ndi kuona munthu yemwe amaidziwa nyimbo mpaka m'mafupa, woti ngakhale mawu atamuthawa kapena nsambo ya gitala itaduka, gule sangaime.

Ella adatha kuseka pakati pa vuto lake chifukwa kumbuyo kwake kudali zaka 25 za kuimba usiku ndi usiku, komanso amuna anayi omwe sadamusiye yekha.